MPIKISANO WOWOMBERA CHANDAMALE NDI PISITOLO

 Nkhani yathu lero ndi ya masewera amene ambiri a ife sitinawaonepo ndi maso, ndiwo mpikisano wowombera chandamale ndi pisitolo m'kati mwa nyumba yomangidwira ntchito imeneyi. Ena mwa inu mufunsa kuti, "Kodi mfuti nkukhala choseweretsa?" Funso limeneli nloyenera, pakuti m'makomboni mwathu mfuti ikalira usiku timadziwa kuti kwagwa zoopsa. Komabe ndikupemphani kuti mutchere khutu, chifukwa anthu amene amachita masewera amenewa ndiwo amaopa mfuti koposa ena onse, ndipo malamulo amene amatsata angapulumutse moyo wa mwana wanu ngakhale inu eni ake simudzagwirapo mfuti.

Tiyambe ndi kumene masewerawa anachokera. Kale anthu opikisana ndi pisitolo ankaimirira malo amodzi, nkumawombera pang'ono-pang'ono papepala lojambulidwa mizere yozungulira. Pambuyo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, anthu ena ku California, m'dziko la America, anayamba mpikisano wa mtundu wina, woti munthu aziyenda, kuima, kugwada ndi kuwombera mwachangu. Mtsogoleri wao anali Jeff Cooper, amene anali atagwirapo ntchito ya usilikali. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Zurich, m'dziko la Switzerland, m'chaka cha 1975, ndipo m'chaka cha 1976 anthu ochokera m'maiko osiyana-siyana anasonkhana mumzinda wa Columbia, ku Missouri, nakhazikitsa bungwe lotchedwa International Practical Shooting Confederation. Cooper yemweyo ndiye anali pulezidenti wake woyamba. Bungweli linasankha mau atatu a Chilatini kukhala maziko ake, ndipo matanthauzo ake ndi awa: kulunjika, mphamvu, liwiro.

Masewerawa anafika msanga kuno kum'mwera kwa Africa, koma anafika m'nyengo yowawa. Mpikisano wachitatu wa dziko lonse unachitika m'chaka cha 1977 ku Salisbury, mzinda umene lero timautcha Harare, pamene boma la Ian Smith linali kumenyana ndi omenyera ufulu. Chaka chotsatira, mu October 1978, ndege za boma lomwelo zinaponya mabomba pamsasa wa Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo mu April 1979 asilikali ake analowa mumzinda wathu uno naphwanya nyumba imene Joshua Nkomo ankakhalamo. Mipikisano iwiri yotsatira, ya 1979 ndi 1981, inachitikira ku South Africa m'masiku a tsankho. Chotero akulu-akulu amene anaona zaka zimenezo ali ndi chifukwa chomveka choyang'anira masewerawa ndi diso lokayika. Nthawi zinasintha. Pamene mpikisano wa dziko lonse unabwereranso ku South Africa m'chaka cha 2002, dzikolo linali litamasuka, ndipo lero masewerawa amachitika m'maiko ambiri, ndi magulu a amuna, a akazi, a achinyamata ndi a okalamba.

Tsopano tilowe m'nyumba yowomberamo. Ndi chipinda chachitali, cha makoma ochindikala, chopanda mazenera. Kumapeto kwake kuli chotchinga chachitsulo kapena cha mphira, chimene chimagwira zipolopolo zonse kuti pasapezeke ngakhale chimodzi chotuluka kunja. M'kati mwa chipindacho amaimika makatoni a chandamale, ena poyera, ena obisika pang'ono kuseri kwa matabwa. Wopikisana amalowa mmodzi-mmodzi, pisitolo ili m'chikwama chake cha m'chiuno, yopanda chipolopolo. Kumbuyo kwake kumaima woyang'anira, amene mau ake ndi lamulo. Woyang'anirayo akalamula, mpamene munthu amaika zipolopolo. Kenaka amamufunsa ngati wakonzeka, ndipo kawotchi kakalira, wopikisanayo amasolola pisitolo nayamba kuwombera, nthawi zambiri zipolopolo ziwiri pa katoni iliyonse. Akatsiriza, amachotsa zipolopolo zotsala, naonetsa woyang'anira kuti m'mfuti mulibe kanthu, naibweza m'chikwama. Pokhapo mpamene anthu ena amaloledwa kupita kutsogolo kukawerenga mabowo. Gawo lalifupi la mpikisano silifuna zipolopolo zopitirira 12, lapakati 24, ndipo lalitali 32.

Kawerengedwe ka mapointi nkosavuta kumva. Katoni iliyonse ili ndi zigawo zitatu. Chipolopolo chikalowa pakati peni-peni, munthu amapata mapointi 5. Chikalowa chapambali, mapointi amachepa, ndipo kuchepa kwake kumatsata mphamvu ya chipolopolocho. Chikaphonya, amamuchotsera mapointi 10. Palinso makatoni ena, kawiri-kawiri oyera, amene saloledwa kuwomberedwa, ndipo wolasa imodzi mwa iwo amatayanso mapointi 10. Pomaliza amatenga mapointi onse nawagawa ndi masekondi amene munthuyo watha.

Tiyerekeze kuti pali makatoni 6, ndiye kuti zipolopolo 12 ndi mapointi 60. Munthu woyamba walasa pakati zipolopolo zonse m'masekondi 12. Tikagawa 60 ndi 12 tipeza 5. Wachiwiri ndi waphuma. Watsiriza m'masekondi 8 okha, koma waphonya kawiri. Zipolopolo zake 10 zampatsa mapointi 50, amuchotsera 20, watsala ndi 30. Tikagawa 30 ndi 8 tipeza 3.75. Wachitatu walasa zonse pakati, koma wazengereza mpaka masekondi 20; iyeyu wapata 3 basi. Mwaona nokha kuti wopambana ndi woyamba uja, amene sanathamange koposa luso lake ndiponso sanazengereze. Makolo athu ananena zoona kuti kuthamanga sikufika.

Koma mapointi si chinthu chachikulu m'nyumba imeneyi. Chachikulu ndi mwambo. Kukamwa kwa mfuti kuyenera kuloza kutsogolo nthawi zonse. Munthu akangoitembenuza kupitirira mzere wa kudzanja lamanja kapena lamanzere, woyang'anira amamuimitsa pomwepo. Poyenda, kapena posintha kabokosi ka zipolopolo, chala chiyenera kukhala kunja, kutali ndi kachitsulo kokhethemulira. Mfuti ikalira mwangozi, kapena ikagwa pansi m'kati mwa kuwombera, kapena munthu akaloza nayo dzanja lake lomwe, mpikisano wake wathera pomwepo. Wobwera atalawa mowa kapena chamba saloledwa kuwombera. Chilango chake nchimodzi kwa onse, ndicho kuchotsedwa mumpikisano wonse. Kaya ndinu katswiri wa dziko lonse, kaya mwachokera kutali ndi ndege, kaya munali kutsogola, mumalongedza katundu wanu. Palibe kupepesa kumene kungabweze chipolopolo chimene chatuluka, ncho chifukwa chake palibenso kupepesa kumene kungabweze munthu mumpikisano.

Cooper anaphunzitsa malamulo anayi amene ali ngati mizati ya zonsezi. Loyamba: mfuti iliyonse muziitenga ngati ili ndi chipolopolo, ngakhale wina akuuzeni kuti mulibe. Lachiwiri: musaloze mfuti pa chinthu chimene simufuna kuchiwononga. Lachitatu: chala chisakhudze chokhethemulira kufikira mutalunjika pa chandamale. Lachinayi: dziwani bwino chimene mukuwombera, ndiponso chimene chili kuseri kwake.

Lamulo lachinayi limeneli ndilo limatikhudza ife a m'makomboni koposa. Taganizani za kamangidwe ka nyumba zathu ku Kanyama kapena ku George. Khoma la mnzanu lili pafupi ndi lanu, kanjira kapakati nkongokwana wilibala, madenga ndi a malata, ndipo pabwalo limodzi pamakhala mabanja angapo. Chipolopolo cha pisitolo ya mamilimita 9 chimatuluka ndi liwiro loposa mamita 300 pa sekondi imodzi, ndipo chingathe kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi ndi theka. Chitseko cha thabwa ndi lata kwa icho zili ngati pepala. Munthu amene awombera m'mwamba pokondwerera Chaka Chatsopano, kapena poopseza mbala, aiwala kuti chimene chakwera chidzatsika, ndipo chidzatsikira padenga la munthu amene sanamulakwire. M'komboni mulibe malo ngakhale amodzi amene kuseri kwake kulibe munthu. Ngati akatswiri amamanga makoma ochindikala ndi zotchinga zachitsulo asanawombere katoni, nanga ife tingayesere bwanji mfuti kuseri kwa nyumba?

Nyumba yowomberamo ili ndi zoopsa zakenso ziwiri zimene sizioneka ndi maso. Choyamba ndi phokoso. Kulira kwa pisitolo kumafika pafupi-fupi madesibelo 160, pamene phokoso la madesibelo 85 lokha, likakhalitsa, limawononga makutu. Ndipo m'kati mwa makoma phokosolo limabwerera kwa mwini wake. Chotero aliyense amatseka makutu ndi zotchinga, navalanso magalasi oteteza maso. Chachiwiri ndi mtovu. Timu yathu ya mpira timaitcha Chipolopolo pokumbukira mkuwa wathu, koma zipolopolo zambiri za pisitolo mkuwa uli kunja kokha, m'kati mwake ndi mtovu. Powombera, fumbi la mtovu limamwazika mumpweya. Ife a m'Zambia timadziwa kuipa kwa mtovu chifukwa cha Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa m'chaka cha 1994 koma dothi likudwalitsabe ana. Nyumba yowomberamo yabwino imakhala ndi makina okankha mpweya kuchokera kumbuyo kwa wowombera kupita kutsogolo. M'menemo sadyeramo, samweramo, sasutiramo fodya. Potuluka munthu asambe m'manja ndi sopo, ndipo zovala zimene anavala asanyamulire nazo khanda.

Nanga munthu wa ku Matero kapena ku Mtendere amene akufuna kulowa masewerawa ayambire pati? Ayambire pa lamulo. M'dziko lathu muli lamulo la mfuti, limene lili pa mutu 110 wa malamulo a Zambia. Lamuloli limati munthu asakhale ndi mfuti kapena zipolopolo popanda laisensi, ndipo laisensi sapatsa munthu amene apolisi sanamufufuze ndi kumuvomereza. Wosunga mfuti mobisa akagwidwa angathe kupita kundende. Chotero njira yoongoka ndiyo kupita ku polisi ya kwanu, kukafunsa za kalabu yowombera yovomerezeka ndi boma, ndi kukaphunzira pansi pa mlangizi. Safunsa anadya phula. Musagule mfuti kwa munthu wa m'njira, pakuti simudziwa magazi amene ili nawo. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli mfuti yosiyidwa ndi malemu, musaikwirire kapena kuibisa kudenga, kauzeni apolisi.

Sitibisa kuti masewerawa ndi odula. Pisitolo, zipolopolo, zotchinga makutu ndi ndalama za kalabu ndi mtolo wolemera kwa munthu amene akuvutika kupeza thumba la ufa, ndipo palibe bambo wanzeru amene angagule zipolopolo ana asanalipiridwe za kusukulu. M'maiko ena anapeza njira yotsika mtengo, ndiyo mfuti za mpweya zoponya timipira ta pulasitiki, zimene amapikisana nazo ndi malamulo omwewo; mpikisano wake woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Hong Kong m'chaka cha 2018. Komabe chenjerani, pakuti mfuti zimenezi zimafanana kwambiri ndi zeni-zeni. Mnyamata woyenda nayo pamsika wa Chawama, anthu sadzayamba amufunsa ngati ndi ya pulasitiki. Adzamuyesa wachifwamba, ndipo mukudziwa chimene khamu la anthu limachita.

Mau anga otsiriza apite kwa inu makolo. Ana athu amaphunzira za mfuti m'mafilimu, m'mene ngwazi imazunguza pisitolo pachala, kuiloza kumaso kwa mnzake, ndi kuisomeka m'thalauza. Munthu wochita zimenezi m'nyumba yowomberamo angachotsedwe miniti imodzi isanathe. M'mera mpoyamba: mwana wanu akapanga mfuti ya waya, kapena akanyamula legeni, muphunzitseni lero lomwe kuti asaloze munthu, ndi kuti ayambe waona chimene chili kuseri kwa mbalame imene akufuna kulasa. Muuzeni kuti akapeza mfuti kapena chipolopolo kudzala kapena m'ngalande asachigwire, koma achoke pamenepo nakaitane wamkulu. Ndipo inu amene muli ndi mfuti ya laisensi, muziitsekera m'bokosi lachitsulo, zipolopolo pena, kiyi ili ndi inu nokha. Pansi pa pilo si malo ake.