ALJEBRA SI CHILOMBO: MAWU KWA MAKOLO NDI ANA ASUKULU



Pa tsiku la Idi lino tati tikambeko za masamu. Ena mwayamba kale kuseka. Koma tikudandaula ndi ana athu amene akangofika Fomu 1, n'kuona x pa bolodi, amangoti basi sukulu yandikanika. Makolo nafenso timawathandiza kuthawa pomati izi n'zachizungu.

Si zachizungu ayi. Mawu oti aljebra anachokera ku buku la Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi, limene analemba ku Baghdad cha m'ma 820, nthawi ya Khalifa al-Ma'mun. M'dzina la bukulo muli mawu awiri, al-jabr ndi al-muqabala. Azungu anadzalimasulira m'Chilatini mu 1145. Mwini wakeyo sanalembe x. Nambala yosadziwika ankangoitcha shay, ndiko kuti chinthu.

Tsono ganizani za sikelo ya pamsika wa Ulongwe. Chimene mwachita mbali iyi, chitaninso mbali inayo, ndipo sikelo sipendekeka. Lamulo lake n'lomweli.

Bambo anali ndi ndalama, agula shuga ndi mafuta za K5,000, atsala ndi K15,000. Tilemba x − 5,000 = 15,000. Bwezerani 5,000 mbali zonse ziwiri, mupeza kuti anali ndi K20,000. Kubwezeretsa chimene chinachotsedwako ndiye al-jabr.

Mayi agula ndowa zitatu za chimanga, alipira wakabaza K2,000, zonse pamodzi K32,000. Tilemba 3x + 2,000 = 32,000. Chotsani 2,000 uku ndi uku, patsala 3x = 30,000. Kumeneko ndiye al-muqabala. Gawani patatu, ndowa imodzi ndi K10,000. Amayi athu amachita zimenezi m'mutu tsiku ndi tsiku, ena a iwo sanapondeko m'kalasi.

Koma chimene chinatikhudza n'chakuti gawo lalikulu la bukuli likukamba za kugawa chuma cha masiye. Inu mukudziwa m'mene abale amadanirana maliro akangotha. Tiyerekeze kuti munthu wamwalira, mkazi ndi makolo ake anatsogola kale, ngongole zabwezedwa, wasiya sanasiye. Patsala mbuzi 12, mwana wamwamuna mmodzi ndi aakazi awiri. Surat an-Nisa imapatsa wamwamuna gawo la aakazi awiri. Gawo la wamkazi likhale x, la wamwamuna 2x. Ndiye 2x + x + x = 12, kapena 4x = 12. Wamkazi aliyense atenga mbuzi 3, wamwamuna 6. Palibe wonamizidwa, chifukwa aliyense atha kuwerengera yekha. Pakakhala mkazi wamasiye kapena makolo, magawo amasintha, ndipo pamenepo shehe amafunika masamu oposa awa.

Ana inu, mukatha kudya mpunga madzulo ano, yesani iyi: mbuzi ndi 20, ana aamuna awiri, wamkazi mmodzi. Yankho mukawaonetse aphunzitsi a madrasa Lolemba.

Eid Mubarak. Wassalamu alaikum.