Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Tsiku la Amayi ku Mangochi

  

Tapitani padoko la Makawa m'mamawa. Mabwato akangokocheza, wotsuka usipa ndi mayi. Woyanika pathandala, wowamba chambo, wogona pamatumba mulole mpaka ku Limbe, ndi mayi yemweyo. Ndiye mufunse mwini bwato, mwini chilimira, wapampando wa komiti yapadoko. Onse ndi abambo. Mayi mukamupeza m'komitimo, ndi msungichuma. Ndalama mumatikhulupirira nazo, koma mpando ayi! Abambo mukusekatu, mukudziwa.

Pali nkhani inanso imene timangonong'onezana: mayi kuuzidwa kuti akafuna nsomba ayambe wagona ndi msodzi. Khalidwe lomweli liliponso m'maofesi ndi m'mahotela a m'mbali mwa nyanjayi, kungoti kumeneko limavala tayi. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 likuti kumuvutitsa munthu chotere ndi mlandu. Likutinso polemba ntchito m'boma, akazi kapena amuna asachepere 40 pa 100 alionse. Lamulo la zantchito limapatsa mayi tchuthi chauchembere cha masabata 8, malipiro osadulidwa. Bwana wochotsa mtsikana ntchito chifukwa cha pathupi akuphwanya lamulo, ndipo ofesi ya zantchito ili paboma pompano.

Wina asatinamize kuti mkazi sangathe. Mayi Joyce Banda analamulira dziko lino kuyambira 2012. Mayi Anastasia Msosa anatsogolera makhoti onse mu 2013, Mayi Catherine Gotani Hara anakhala Sipikala mu 2019. Mayi Lilian Patel, yemwe anakhalapo phungu wa kuno konkuno, anakhalapo nduna yoona zakunja. Onsewa anayambira m'kalasi.

Mafumu anga, apa ndiye ndikugwadirani. Kuyambira 2017 malamulo salola ukwati munthu asanakwane zaka 18, ngakhale mkamwiniyo atabwera ndi foni yonyezimira kuchokera ku Joni. Koleji ya zausodzi ku Mpwepwe ili pakhomo pathu penipeni. Atsikana athu akaphunzire kumeneko, adzabwere padoko ngati alangizi.

Nanunso amayi, chisankho cha komiti yapadoko chikadzafika, musadzangolulutira. Mmodzi wa inu adzaime pa mpando wapamwambawo, enanu mudzamuvotere.