Nkhani ya magetsi imayambira pa mbaula

Ndiyambe ndi funso. Nsima ya dzulo usiku munaphikira chiyani? Amene munaphikira magetsi imikani dzanja. Nanga makala? Mwaonatu. Ndipotu tonse muno ndife a m'tauni, ena ndi madigiri athu.

Nkhani ya magetsi ikamakambidwa pa wailesi, timamva abambo ovala masuti akutchula ma megawatt. Sindikunyoza, ma megawattwo ndi ofunika. Magetsi athu ambiri amachokera mu mtsinje umodzi, Shire: ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira, dziko linataya ma megawatt pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo kuthimathima kwake kunatenga chaka ndi miyezi. Wa saluni anakhala manja lende, wogulitsa mafilizesi anataya katundu. Tikukumbuka tonse.

Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zowunikira magetsi zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse. Zophikira magetsi ndiye zochepa kwambiri. Mphamvu imene imayendetsa dziko lino tsiku ndi tsiku ndi nkhuni ndi makala, ndipo amene amaigula, kuiyatsa ndi kupuma utsi wake ndi ife.

Apa ndi pamene pamandiwawa. Mu 2020 lamulo la nkhalango linasinthidwa, zilango za makala opanda chilolezo zinakwera. Ine mitengo ndimaifuna, musandimve molakwa. Mapiri akakhala ambee, mvula imakokolola dothi kukathira mu Shire, matope ndi zinyalala n'kukatseka makina ku Nkula, magetsi n'kuthima, ife n'kuthamangira makala, mitengo ina n'kugwanso. Zimangozungulira choncho. Koma mukalanda thumba la makala pa rodibuloko osandipatsa china chophikira, mwangokweza mtengo wa kajumbo kamene ndimagula madzulo. Ana sangagone ndi njala chifukwa cha lamulo, mayi apezabe makala basi.

Ena amati, "Si mungogula gasi?" Eya, gasi ndi wabwino, amapsetsa msanga, alibe utsi. Koma silinda ndi chitofu chake zimafuna ndalama yambiri kamodzi, pomwe ambirife ndalama timaipeza pang'onopang'ono, ya lero lero. Makala amapambana chifukwa amagulitsidwa pa mlingo wa thumba la mayi wosauka. Ndiye funso langa kwa opanga mfundo ndi ili: bwanji gasi sangamagulidwe ngati mayunitsi, wa ndalama imene uli nayo, pafupi ndi kwanu? Bwanji silinda osalipira pang'onopang'ono? Foni timatenga pa ngongole, silinda yavuta pati?

Ndipo tisaiwale thupi. Utsi wa nkhuni umawononga mapapo ndi maso, wa mayi ndi wa mwana ali kumbuyo. Makala nawo, ngakhale sakufuka, amatulutsa mpweya wakupha wosanunkha. Mu Juni kukazizira, chonde asisi, mbaula yoyaka isagone m'nyumba yotseka. Anthu amafa nazo zimenezi.

Tsono ife tichite chiyani? ESCOM ikafuna kukweza mtengo wa magetsi imapempha ku MERA, ndipo MERA imaitana anthu kuti apereke maganizo. Ndani muno anapitako? Ine ndemwe ndinali ndisanapiteko, ndimangodandaula pa WhatsApp ngati wina aliyense. Ulendo wina tipite, gulu, ndi mafunso olemba. Khansala wa dera lanu mukumudziwa dzina? Mufunseni za magetsi a mumsewu wochokera pa siteji, umene timadutsa mtima uli m'mwamba tikaweruka mochedwa. Imeneyonso ndi nkhani ya mphamvu.

Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limati polemba anthu ntchito za boma, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100. Ndiye tiziwerenga mayina a m'mabodi a zamagetsi akatuluka, tione ngati zikutsatidwa. Ndipo inu amene muli ku MUBAS ndi ku MUST mukuphunzira uinjiniya, sitolo za gasi wa pang'onopang'ono zija ndikuyang'ana inu. Amene akufuna kulowa m'gulu lokonza mafunso a ku MERA, pepala likuyenda kumbuyoko, lembani dzina ndi dera lanu.