MASIKA KU NYANJA ZA M'MAPIRI ZA MULUNGUSHI NDI MITA HILLS

(Mau amene mlangizi wa zaulimi anakamba kwa alimi a ku Makandanyama, m'Kabwe)

Amai ndi abambo, ena a inu muli ndi minda kunja kwa tauni ca ku njira ya ku Mulungushi, ndipo ena muli ndi abale amene apha nsomba komweko. Cifukwa cace ndifuna kuti lero tikambe za nyanja ziwiri za m'mapiri a kum'mawa kwathu, ndi za nchito za kumeneko m'miyezi ino ya Malici ndi Epulo, pamene mvula iri kutsazika.

Nyanja izi sizinadzikhalire zokha monga Bangweulu iai. Anthu ndiwo anatseka mitsinje. Yoyamba ndi ya Mulungushi, makilomita ngati 50 kucokera kuno. Eni mgodi wa Broken Hill anatseka mtsinjewo kuti madzi ace apange magetsi a pamgodi, ndipo Prince of Wales ndiye anadzatsegula mu 1925. Yaciwiri ndi ya Mita Hills, pa mtsinje wa Lunsemfwa, imene inamangidwa m'zaka za m'ma 1950. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma makina a magetsi akali kuzungulira, tsopano m'manja mwa Lunsemfwa Hydro Power Company.

Munthu wofuna kuona dzikolo pa ubwino wace apite nyengo ino. Caka ca mvula yabwino madzi afika mpaka m'tsinde mwa mitengo, nalowa m'makwawa monse ngati zala za dzanja. M'mawa nkhungu igona pamadzi, kotero kuti umva nkhafi koma bwato suliona, kufikira dzuwa litakwera. Mitengo ya miombo m'mapiri ikali yobiriwira, koma udzu watalika kupitirira munthu, wacita ngala, ndipo wayamba kufiira kunsonga. Nkhwazi ilira pa mitengo youma imene inamira kale. Kumunsi kwa nyanjazi mitsinje igwera m'zigwembe zakuya za mapiri a Muchinga, mpaka madzi ace akafika ku Luangwa. M'midzi ino ndiyo nthawi imene mwana saliranso njala: cimanga caciwisi ciri pamoto, maungu ali mumphika, nsawa ziri pafupi kukumbidwa, ndipo amai ayanika mfutso wa nkhwani padzuwa kukonzekera cirimwe.

Asodzi nao abwerera pamadzi. Mudziwa kuti Boma liletsa kupha nsomba m'madzi ambiri a dziko lino kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale, pakuti ndiyo nthawi imene nsomba ziswana. Tsono m'Malici tiana ta nsomba tadzala m'maudzu a m'mphepete. Apa ndipo pali colakwa cacikuru. Munthu atenga neti ya udzudzu imene analandira ku cipatala nakakokolola tianato, nadzaza mbale imodzi ndi nsomba zimene zikadadzaza dengu caka camawa. Ndiponso usiku ana ace agona osafunda neti, m'miyezi yomweyi imene malungo acuruka. Lamulo liletsa maukonde otere. Ndipo inu ogula, mukakana tinsomba totere pamsika, wogulitsa sadzabwera nato kawiri.

Koma cimene cindidetsa nkhawa koposa ndi mapiriwo. Makala amene tiphikira kuno ku Makandanyama acokera ku nkhalango zotizinga. Phiri likametedwa, mvula igwa pa nthaka yosabvala, nikokolola dothi lonse kumka nalo kunyanja. Mlimi ataya conde, nyanja nidzala matope. Nyanja yodzala matope ioneka yodzala bwino lomwe m'Epulo, koma madzi ace ndi ocepa, ndipo aphwa msanga. Tonse tikumbuka cirala ca 2024, pamene Boma linalengeza tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale, cimanga cinauma ciri ciriri, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku ndi tsiku. Mvula sitingailamulire, koma dothi tingathe kulisunga pamalo pace.

Nyengo ino ndiyo yabwino kuyendera munda, cifukwa njira zimene madzi anadzera zikali kuoneka. Pamene paoneka ngalande khomanipo zikhomo, kuti mukakolola mudzaunde mgula wopingasa phiri, ndi kubzalapo udzu. Mizere yanu isatsike ndi phiri. Mapesi musatenthe, agonekeni m'mizere. Amene mufuna kutsegula dimba pamene madzi ayamba kubwerera, siyani udzu ndi bango pakati pa dimba ndi madzi, musalime kufikira pagombe. Za moto wa m'chire tidzakamba m'Meyi, udzu wofolera utadulidwa.

Ana asasambe pa madzi oima pamene pali nkhono, pakuti likodzo licokera pamenepo. Mwana akakodza magazi pitani naye ku cipatala msanga. Mankhwala ace alipo.

Tsopano mau a inu amene mulima ndiwo zamasamba kuseri kwa nyumba muno m'komboni. Magetsi a ku Mulungushi anathandiza kukumba mtovu kwa zaka pafupifupi 70, ndipo pfumbi la mtovuwo linatsala m'nthaka ya Makandanyama, Kasanda, Chowa ndi Makululu. Mtovu suoneka ndi maso, koma ukalowa m'magazi a mwana uononga nzeru zace ndi kakulidwe kace. Pa dzinja nthaka iri yonyowa ndipo pfumbi ligona. Mvula ikatha liyamba kuuluka. Cifukwa cace udzu umene wamera pabwalo musaupale ndi khasu kuti pakhale poyera, koma muucekere pamwamba pokha. Wazani madzi musanasese. Ndiwo zamasamba bzalani m'matumba kapena m'mabedi okwezeka, ndi dothi locokera kutali ndi mgodi losanganiza ndi manyowa, ndipo muzitsuke bwino musanaphike. Ana asambe m'manja asanadye. Inu amene mupita ku minda ya ku Mulungushi kukatuta cimanga mwezi wamawa, pa ngolo yomweyo ikanipo matumba awiri kapena atatu a dothi la kumeneko.