Mau kwa Asodzi a ku Chilwa Ofuna Kugula Wailesi ya Kanema

Matemba akagulidwa bwino pa dooko la Swang'oma, msodzi amakhumba wailesi ya kanema yopyapyala ija. Koma midzi yambiri ya m'mbali mwa Chilwa ilibe magetsi a ESCOM. Tsono asanapereke ndalama, ayang'ane kumsana kwake ngati palembedwa DC 12V, pakuti yotero ndiyo ilandira moto wa batire.

M'sitolo amaiwalitsa koposa kuti ikope anthu. Kuwala kotero kumadya batire msanga, ndipo kanema amazima mpira uli pakati, alendo atadzaza pakhonde. Pofika nayo kwao, mwini asankhe mau akuti Standard, nachepetse Backlight kufikira nkhope zioneke monga za anthu enieni. Chithunzi chikamadukaduka asafulumire kunena kuti anam'gulitsa yakufa. Ayambe wakweza mlongoti ndi kuutembenuza pang'onopang'ono.