MPWEYA WOZIZIRA WA M'MAOFESI NAWO UMAFUNA UKHONDO

Ine ndine mlimi, sukulu ndidalekeza ku pulayimale, koma zomwe tidakambirana mu kalabu yathu ndati ndikugawireni.

Nkhani yanga ndi ya makina oziziritsa mpweya m'nyumba zikuluzikulu, aja ena amati eyakoni. Wina anena kuti, "Nanga mlimi zimukhudza bwanji?" Zikutikhudza ndithu. Chiyambire chaka cha 2011 pomwe mgodi waukulu udayamba kutulutsa malasha ku Moatize, maofesi, mabanki ndi nyumba zogona alendo zachuluka. Osesa, okolopa ndi alonda m'menemo ndi ana athu omwe. Ifenso timakhalamo pamzere wa ku banki. Kutentha kwa ku Tete mukukudziwa, mwezi wa Okutobala kumapitirira madigiri 40, ndiye makinawa sapuma.

Pali kachilombo kotchedwa Legionella komwe kamayambitsa chibayo choopsa. Kadadziwika chonchi: mu Julaye 1976 asilikali opuma pantchito a bungwe la American Legion adali ndi msonkhano pa hotela ina mumzinda wa Philadelphia ku America. Atabwerera kwawo adayamba kudwala. Anthu oposa 200 adadwala ndipo 34 adamwalira. Madokotala adavutika miyezi ingapo, mpaka mu Januwale 1977 ndi pomwe adakapeza kachilomboko. Nkhani ina njapafupi. Mu Novembala 2014 ku Vila Franca de Xira, dziko la Portugal, anthu oposa 300 adadwala ndipo oposa 10 adatisiya. Gwero lake lidali makina oziziritsa madzi pa fakitale ya feteleza. Ambiri mwa odwalawo sankagwira ntchito pafakitalepo ayi, mphepo ndiyo idawapititsira matendawo kumakomo kwawo.

Kachilomboka kamakhala m'madzi, ngakhale a mumtsinje, koma kumeneko kamakhala kochepa. Kamaswana kwambiri m'madzi ofunda ongokhala, a pakati pa madigiri 25 ndi 45, makamaka muli ndere, dzimbiri ndi matope. Nyumba zikuluzikulu ndi mafakitale ena ali ndi makina padenga kapena kuseri omwe amawaza madzi kuti azizire, kwinaku chikupiza chikuuzira. Madziwo akakhala akuda, timadontho tating'ono ngati nkhungu timauluka ndi kachilombo. Munthu akapuma nkhunguyo kalowa m'mapapo basi. Shawa ya m'chipinda cha alendo yomwe yakhala masabata osatsegulidwa nayonso imachita zomwezo. Dziwani kuti nthendayi kawirikawiri sitipatsirana munthu ndi munthu monga chifuwa chachikulu, choncho wodwala musamuthawe.

Timakina tating'ono ta pakhoma tija sitiwaza madzi, ndiye sikwenikweni kufalitsa kachilomboka. Koma nato tili ndi vuto lake. Mkati muli sefa yogwira fumbi ndi kambale kolandira madzi odontha. Fumbi la ku Moatize mukulidziwa. Likakumana ndi chinyezi pamamera chuku, ndipo makinawo amauzira chukucho m'mphuno mwa anthu. Zotsatira zake ndi kuyetsemula, kutsokomola, ndipo a mphumu amabanika. Mukalowa m'chipinda n'kumva fungo la chinyontho ngati la thumba lonyowa, dziwani kuti makinawo sadatsukidwe.

Ife alimi izi sizachilendo. Chimanga ukachiika m'nkhokwe chisanaume, mpweya osadutsa, chimachita chuku. Nyumba ya magalasi yotseka mazenera ndi nkhokwe ya anthu. Mpweya womwewo umangozungulira, ndiye choyipa chikalowa aliyense apuma.

Zizindikiro zimayamba pakapita masiku 2 mpaka 10: kutentha thupi kwambiri, mutu, kuphwanya m'thupi, chifuwa, kubanika, ena kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu. Apa mpomwe pali ngozi, abale anga, chifukwa tonse tingoti ndi malungo. Mankhwala a malungo sapha kachilomboka. Mwa anthu 10 odwala nthendayi, pafupifupi mmodzi amamwalira, koma ukafika msanga kuchipatala mankhwala ake alipo. Omwe imawagwira msanga ndi opitirira zaka 50, osuta fodya, a shuga ndi omwe chitetezo cha m'thupi chidatsika. Akakuyezani malungo n'kupeza mulibe koma mukubanikabe, musabwerere kunyumba kukagona. Auzeni adokotala komwe mumagwira ntchito ndi komwe mudagona sabata yathayo. Ngati anzanu awiri atatu a pantchito imodzi adwala mofanana, nenaninso zimenezo.

Tsono tichite chiyani? Kwa eni nyumba ndi mabwana, tikupempha kuti sefa zizitsukidwa pafupipafupi, kapaipi kotulutsa madzi kasatsekeke, ndipo makina owaza madzi aja azikhuthulidwa, kukwechedwa ndi kuthiridwa mankhwala monga klorini. Thanki ya madzi otentha isatsike pa madigiri 60. Mathanki a padenga akhale ovundikira. Inu a nyumba zogona alendo kuno kumalire, komwe kumagona madalaivala a mathiraki, mipope ndi mashawa a zipinda zopanda anthu muzitsegula sabata iliyonse madzi ayende.

Kwa ana athu ogwira ntchito yotsuka, pemphani chophimba pamphuno ndi magolovesi, ndipo muzimitse makina musanatsegule. Sefa musaikunthe youma m'chipinda, kaitsukireni panja ndi madzi ndi sopo, iume kaye musanaibwezere. Musaope kufunsa bwana kuti makinawa adatsukidwa liti. Akulu adati safunsa adadya phula.

Nafenso kumudzi, madzi otsala m'mpope wopopera mbewu kapena mu paipi yothirira yomwe yagona padzuwa tizitaya tisanayambe kuwaza.

Pomaliza ndipemphe kalabu iliyonse kuti ikambirane nkhaniyi pamsonkhano wotsatira, ndipo amene ali ndi mwana kapena mbale wogwira ntchito m'nyumba zoterezi akamufotokozere. Tipemphenso a wailesi ayitane a zaumoyo adzayankhe mafunso athu pa pologalamu.