Maluwa a Pakhomo Pathu Angakhale Malonda Popanda Kugwetsa Mkungudza

Mawu amene mneneri wa Khonsolo ya Boma la Mulanje adalankhula pa msonkhano wa chitukuko wa anthu a m'wadi, pa Chinakanaka

  

Nkhani yanga lero ndi ya kanthu kakang'ono kokwana m'dzanja limodzi, kokhazikapo kapu ya tiyi kuti tebulo lisathimbirire. M'masitolo a m'tauni amakatcha coaster. Kamene ndikunena ine n'kowala ngati galasi, ndipo m'kati mwake mumaoneka duwa louma lili ndi mtundu wake wonse. Wina afunsa kuti kodi khonsolo yasowa nkhani, mpaka kusonkhanitsa anthu chifukwa cha chokhazikapo kapu? Yankho lili pa phiri limene tikuliona apoli.

Kwa zaka zambiri, mlendo wobwera ku Mulanje ankabwerera kwawo atanyamula kabokosi, ndodo kapena chosema china cha mkungudza chogula ku Likhubula. Fungo la mtengo umenewu ndilo linali chizindikiro chathu. Mkungudza wa Mulanje sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko lapansi, ndipo boma lidaulengeza kukhala mtengo wa fuko m'chaka cha 1984. Nkhalango ya phirili idakhazikitsidwa kukhala yotetezedwa kalekale mu 1927. Komabe kafukufuku wa mu 2017 adapeza mitengo ikuluikulu yamoyo isanu ndi iwiri yokha paphiri lonse. Idatha ndi macheka a ocheka matabwa mozembera malamulo komanso moto wolusa. Sindikuloza chala osema athu, pakuti ambiri a iwo ankatola mitengo yakufa kale. Koma zoona zake n'zakuti chuma chimene ntchito yawo idatsamirapo chatha.

Kuyambira mu 2016, bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust, nthambi yofufuza za nkhalango ya FRIM ndi bungwe la Botanic Gardens Conservation International akhala akugwira ntchito ndi magulu a m'midzi yozungulira phiri pofesa ndi kubzala mbande za mkungudza. Mbande zimenezo zidzatenga zaka makumimakumi kuti zikhale mitengo. Pakali pano alendo sadasiye kubwera, ndipo chiyembekezo n'chakuti achuluka, popeza mu Julaye 2025 bungwe la UNESCO lidaika Phiri la Mulanje m'kaundula wa malo ofunika kwambiri padziko lonse. Funso limene tiyenera kudzifunsa ndi ili: mlendo ameneyu tidzamugulitsa chiyani chonena za Mulanje, chimene sichifuna nkhwangwa? Tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy adatichita mu Malichi 2023, pamene madzi, matope ndi miyala zidatsika m'mapiri n'kukokolola nyumba, minda ndi abale athu. Phiri lovulidwa mitengo ndi ngozi kwa ife okhala m'munsi mwake.

Tokhazikapo makapu ta maluwa ndi limodzi mwa mayankho ambiri. Ndilongosole mmene timapangidwira, kuti aliyense adziyese yekha ngati angathe.

Chofunika choyamba ndi utomoni wa m'fakitale wotchedwa epoxy, umene ogulitsa amangouti rezini. Ambiri a inu mukuudziwa kale mwa njira ina. Guluu uja wa machubu awiri amene amakanika amasakaniza pomata chitsulo ndi wa mtundu womwewu. Kusiyana kwake n'kwakuti rezini wa zokongoletsa ndi woyera mbee ngati madzi ndipo amachedwa kuuma. Amabwera m'mabotolo awiri, lina la utomoni, lina la mankhwala oumitsa. Ziwirizi zikasakanizidwa zimatentha pang'ono, kenaka zimalimba. Muyeso wake umalembedwa pabotolo. Wina amafuna magawo ofanana, wina magawo awiri a utomoni pa gawo limodzi la choumitsa. Apa sipafunika nzeru za kukhitchini zongoyerekeza ndi maso. Mukaphonya muyeso, chinthucho chimakhala chonata mpaka kalekale, ndipo ndalama yalowa m'madzi. Gulani rezini wothira m'chikombole, osati uja wonunkha kwambiri amene amamatira mabwato.

Chachiwiri ndi maluwa, ndipo apa ndi pamene Mulanje ali wolemera. Maluwa opyapyala ndiwo amachita bwino: a bougainvillea amene ali m'mipanda yathu, a nandolo achikasu aja, timaluwa ta chisoso timene timatizula ngati udzu, timasamba ta duwa la deliya wa m'mbali mwa msewu, masamba a fern ndi nsonga za tiyi za masamba awiri ndi kamphukira. Thyolani dzuwa litakwera, mame atauma. Yalani maluwawo pakati pa mapepala a nyuzi, musanjikepo thabwa ndi njerwa, ndipo muzisintha mapepalawo pakapita masiku angapo. Pakatha masabata awiri kapena atatu amakhala atauma gwa. Duwa likalowa mu rezini lili ndi chinyezi, tsiku loyamba limaoneka lokongola, koma pakapita milungu limada ndi kuola m'kati momwemo. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula amene wapusitsidwa kamodzi sabweranso, ndipo amauza anzake.

Ndichenjeze pano mafumu ali pomwepa. Maluwa a ntchito imeneyi achokere m'minda ndi m'makomo mwathu. Pamwamba pa phiri pali maluwa osowa, ena a iwo osapezeka kwina kulikonse, ndipo lamulo la za nkhalango la 1997 sililola kutenga zomera m'nkhalango yotetezedwa popanda chilolezo. Tikayamba kuzula maluwa a kuphiri, ndiye kuti tangosintha chida, koma kuononga n'komweko. Gulu lililonse likhale ndi kadimba kake ka maluwa.

Chachitatu ndi chikombole. Oumba njerwa mukudziwa kuti njerwa imatenga maonekedwe a chikombole chake. Cha ntchito iyi chimakhala cha mphira wofewa wotchedwa silicone, umene rezini sakakamirako. Chiikeni pa tebulo losapendekeka, m'chipinda chopanda fumbi. Sakanizani rezini pang'onopang'ono kwa mphindi zitatu kapena kuposerapo, mukupala m'mbali ndi pansi pa kapu, osatakasa mwaphuma ngati phala, chifukwa kutero kumadzaza thovu. Thirani kagawo kochepa koyamba, mudikire kayambe kulimba, ndipo muyalepo maluwa ndi kamtengo kosongola. Mukathira zonse nthawi imodzi, maluwa amayandama n'kutulukira pamwamba. Kenaka thirani gawo lachiwiri lokwirira maluwawo, mubaye timathovu totsala, ndipo muvindikire ndi katoni kuti ntchentche ndi fumbi zisagweremo. Nthawi zambiri pamafunika tsiku lathunthu musanachotse m'chikombole, ndi masiku ena angapo kuti chilimbe kotheratu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pomaliza, salazani m'mphepete ndi sandipepala wonyowetsa, ndipo pansi pake mumatepo kansalu kapena kamphira kuti kasatereke patebulo.

Nyengo ya kwathu kuno ili ndi mawu ake pa ntchito imeneyi. Rezini sagwirizana ndi kuzizira ndiponso chinyezi. Masiku a chiperoni, m'miyezi ya Juni ndi Julaye, amachedwa kuuma ndipo pamwamba pake pamachita mbuu ngati nkhungu. Nthawi ya dzinja nayo maluwa amavuta kuuma. Choncho gulu lanzeru liziumitsa maluwa ambiri m'chilimwe, n'kuwasunga m'mabotolo otseka bwino, ndipo lizithira rezini masana a tsiku lofunda. Dziwaninso kuti rezini akakhalitsa padzuwa amasanduka wachikasu. Inu ogulitsa m'mbali mwa msewu, katundu wanu azikhala pamthunzi. Ndipo muziwauza ogula zoona: ichi n'chokhazikapo kapu kapena tambula, osati poto wochoka pamoto.

Tsopano za chitetezo, zimene sindifuna kuti wina adzati sadamve. Rezini wosauma ndi mankhwala. Akamakhudza khungu kawirikawiri amayambitsa ziwengo ndi zilonda, ndipo thupi likayamba kudana naye silisinthanso. Valani magolovesi nthawi zonse, tetezani maso, ndipo gwirirani ntchito pamalo podutsa mphepo, osati m'chipinda chogona. Makapu ndi timitengo tosakanizira zisabwererenso kukhitchini. Ana asayandikire, ndipo mayi woyembekezera kapena woyamwitsa agwire mbali ya maluwa, asiyire ena kusakaniza. Zotsalira zamadzimadzi musataye mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime. Zisakanizeni ziume, kenaka muzitaye ngati zinyalala zolimba, osazitentha. Tisaiwale kuti rezini ndi pulasitiki, saola. Ndiye tipange zinthu zabwino zokhalitsa, osati zambirimbiri zotayidwa mawa.

Ndifike pa ndalama, pakuti m'pamene mabizinesi ambiri a magulu amagwera. Rezini amachokera kunja kwa dziko lino, ndipo mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Mukukumbuka mmene katundu adakwerera ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choncho werengerani musanagule. Chokhazikapo kapu chozungulira, cha masentimita 10 kutambalala kwake ndi theka la sentimita kuchindikala, chimadya mamililita pafupifupi 40. Ndiye kuti lita imodzi ingatulutse 25, koma pochotsa zotayika ndi zolakwika, muziwerengera 20, omwe ndi magulu asanu a tinayi tinayi. Tengani mtengo wa lita, gawani ndi 20, onjezerani magolovesi, sandipepala, chopakira, thiransipoti ya ku Limbe kapena ku Blantyre, ndi thukuta lanu. Mtengo umene mwapezawo ukaposa umene wogula angalipire, musayambe. Kuli bwino kudziwa zimenezi papepala kusiyana n'kuzidziwa ngongole ili pakhosi.

Pali njira yochepetsera rezini imene ikutibwezera kwa osema athu. Mmisiri angathe kusema kambale kosaya kuchokera ku zidutswa za bulugamu kapena paini zotsala kwa akalipentala, ngakhalenso nsungwi. Maluwa amayalidwa m'kambalemo, ndipo rezini amangothiridwa pamwamba mopyapyala. Thabwalo liyenera kukhala louma, ndipo liyambe lapakidwa rezini pang'ono kuti lisatulutse thovu. Mwa njira imeneyi lita imodzi imapita patali, luso la wosema silifa, mayi wolima maluwa apezapo yake, ndipo mnyamata wodziwa foni ajambula ndi kutsatsa pa WhatsApp ndi Facebook. Mutu umodzi susenza denga.

Nanga msika uli kuti? Chinakanaka ali pamsewu waukulu umene alendo ochokera ku Blantyre amadutsa popita ku Chitakale, ku Boma ndi ku Muloza. Kuli malo ogona alendo m'munsi mwa phiri. Kuli mpikisano wa Porters Race umene umayambira ku Likhubula chaka ndi chaka, ndi mwambo wa Mulhako wa Alhomwe pa Chonde m'mwezi wa Okutobala. Kuli maukwati ndi zinkhoswe kumene anthu amafuna mphatso, ndi maofesi amene amagulira alendo awo zikumbutso. Boma lathu lakhala likulima tiyi kuyambira zaka za m'ma 1890, ndipo tiyi wa kuno amamwedwa kutali. Palibe chikumbutso choyenera Mulanje kuposa chokhazikapo kapu ya tiyi chokhala ndi nsonga ya tiyi weniweni m'kati mwake. Za m'masitolo zochokera kunja zingatipose kutchipa, koma sizingakhale ndi tsamba la kuno. Choncho pa katundu aliyense pakhale kapepala konena dzina la duwa, mudzi umene lidamera ndi gulu limene lapanga.

Sindidabwere kudzakulonjezani chuma cha tsiku limodzi. Ntchito imeneyi siilowa m'malo mwa nandolo, chinanazi kapena tiyi. Ndi yoonjezera, ndipo siingakhale ya mudzi wonse, chifukwa tonse tikapanga chinthu chimodzi tidzagwetserana mitengo monga timachitira ndi tomato. Magulu awiri kapena atatu odzipereka ndi okwanira poyambira. Yambani ndi lita imodzi yogula ndi ndalama za banki mkhonde, mupange zochepa, mukazionetse kwa ogula, mumve zimene akudandaula. Za ngongole zikuluzikulu zidzabwere msika utayankha.

Pempho langa kwa a VDC ndi lakuti nkhani ya luso la manja ilowe m'mapulani a chitukuko a midzi yanu, kuti idutse ku ADC mpaka ifike ku khonsolo, pakuti chosalembedwa m'mapulani chimavuta kuchipezera thandizo. Magulu amene ali ndi chidwi alembetse kwa alangizi a chitukuko cha m'midzi, amene angawalumikize ndi ofesi ya zamalonda ya khonsolo komanso mabungwe ophunzitsa ntchito zamanja ndi bizinesi monga TEVETA. Kwa mafumu athu, pempho ndi la malo pang'ono a madimba a maluwa, ndi mawu anu amphamvu kwa aliyense wokwera phiri ndi nkhwangwa kapena machesi. Mbande za mkungudza zimene zidabzalidwa zija zikufuna zaka zambiri za mtendere kuti zikule, ndipo mtendere umenewo udzapezeka pokhapokha anthu a m'munsi mwa phiri ali ndi njira zina zopezera ndalama.

 Mulungu adalitse Chinakanaka, adalitsenso boma lathu la Mulanje.